MMENE MAFUKO ANAI ANAYAMBIRA KULIMBANA PA MPIRA WA RAGIBI

Ambiri a inu amene mukhala ku migodi mwaonapo bwalo lija lokhala ndi mitengo iwiri itali-itali ku mapeto ace, ndi wina wopingasa pakati pao. Mwaonaponso amuna 30 alikulimbirana mpira wooneka ngati dzira, ena akuthamanga nao m'manja, ena atagwirana m'mapewa ndi kukankhana monga nkhunzi za ng'ombe. Masewera amenewo ndiwo ragibi, ndipo ku Kitwe, ku Mufulira ndi ku Luanshya anafika kale pamodzi ndi azungu a nchito ya mkuwa. Koma lero sindikamba za kwathu kuno iai. Ndifuna tipite ku Ulaya, tikaone ciyambi ca mpikisano wakale koposa wa ragibi wa pakati pa maiko, umene masiku ano uchedwa Six Nations. Mudzamva kuti nkhani yace ili yodzala ndi milandu, ndi kuti mlandu waukulu mwa yonse unali wa anthu onga inu, okumba pansi ndi ogwira nchito za manja.

Tiyambe ndi dziko lace. Pa zisumbu ziwiri za kumadzulo kwa Ulaya pali mafuko anai: England, Scotland, Wales ndi Ireland. Pa masiku amene tikambawa onsewo anali pansi pa Mfumukazi imodzi, Victoria, ndipo malamulo ao anali kupangidwa ku London. Koma mtundu uli wonse unasunga dzina lace ndi kunyada kwace, ndipo atatu ang'onowo sanali kukondwera kuti Angelezi azikhala patsogolo m'zonse. Pa bwalo la mpira anapeza malo omenyerapo nkhondo yopanda mikondo.

Dzina la masewerawa licokera ku sukulu ya anyamata a anthu olemera ya m'mudzi wa Rugby, pakati pa England. Kuli nthano yakuti mu 1823 mnyamata wina, William Webb Ellis, anatola mpira ndi manja nathamanga nao, ndipo ndico ciyambi. Nthanoyi inayamba kumveka mwini wace atafa kale, ndipo odziwa mbiri ambiri saikhulupirira. Coona ndi ici: anyamata oturuka m'sukulu zotere anapita nao masewerawa ku midzi ina, napanga makalabu, ndipo mu January 1871 makalabu a ku London ndi kufupi kwace anapanga bungwe lochedwa Rugby Football Union, losunga malamulo.

Pa nthawi yomweyo makaputeni 5 a makalabu a ku Scotland anali atalemba kalata m'nyuzipepala yoputa Angelezi kuti abwere adzayesane mphamvu. Angelezi anabvomera, ndipo pa 27 March 1871 anakomana pa bwalo la Raeburn Place mu Edinburgh, anthu ngati 4,000 alikupenya. Mbali iri yonse inali ndi amuna 20; ciwerengo ca 15 cimene ticidziwa lero cinadza mu 1877. Kawerengedwe kao kanali kosiyananso. Munthu akagwetsa mpira pansi kuseri kwa mzere wa adani, sanapate kanthu koma mwai woyesa kumenya mpira pakati pa mitengo ija. Ndico cifukwa cace kufikira lero kugwetsa mpira kotero kuchedwa try, liu la Cingelezi lotanthauza kuyesa. A ku Scotland anapambana ndi cigoli cimodzi. Ndipo mlandu unabuka tsiku loyamba lomwelo, pakuti Angelezi anakana kuti try ya adani ao inali yolungama. Mmodzi wa oweruza, mphunzitsi wamkulu dzina lace Almond, anaulula pambuyo pace kuti woweruza akakayika, ayenera kutsutsa mbali imene icita phokoso lalikulu, cifukwa kawiri-kawiri ndiyo yolakwa. Ine ndiganiza kuti mafumu athu ena a pa bwalo la milandu akadamvana naye bwino munthu ameneyu.

Ireland inalowa mu 1875. Mu 1879 England ndi Scotland anayamba kulimbirana cikho cimene cinacokera kutali, ku India. Kalabu ya Angelezi ya ku Calcutta itatha cifukwa ca kusowa osewera, eni ace anatenga marupiya 270 a siliva otsala m'thumba lao, nawasungunula, ndipo amisiri a ku India anasula cikho ca zigwiriro zitatu zonga njoka, ndi njobvu pa cibvundikiro. Cikho ca Calcutta cimeneco acilimbiranabe caka ndi caka.

Wotsiriza kufika anali Wales, ndipo anafika mwa manyazi. Pa 19 February 1881 gulu losankhidwa mofulumira, la anthu ena osadziwana ndi kale lomwe, linapita ku Blackheath mu London, ndipo Angelezi analigwetsera mpira kuseri kwa mzere nthawi 13, ilo osapata kanthu. Mwa kawerengedwe ka lero kukadakhala 82 kwa 0. Manyazi amenewa anabala bungwe la ragibi la Wales, limene linapangidwa ku Neath mwezi wotsatira.

Tsono mafuko onse anai anali okonzeka. Masewera a pa 16 December 1882 ku Swansea, pamene England inagonjetsa Wales, ndiwo awerengedwa oyamba a mpikisano wa mafuko anai, umene unachedwa Home Nations Championship. England inagonjetsa anzace onse atatu mu nyengo imeneyo ya 1883. Koma musaganize kuti panakhala msonkhano waukulu wokhazikitsa mpikisanowu. Panalibe woyambitsa, panalibe ofesi, panalibenso cikho ca wopambana; cikho cinadza mu 1993, patapita zaka 110. Mabungwe anali kungolemberana makalata kupangana masiku, ndipo olemba nyuzipepala ndiwo anali kuwerenga amene wapambana. Ngakhale ulemu uja uchedwa Triple Crown, ndiko kunena cisoti cacifumu ca wogonjetsa anzace onse atatu, unali dzina cabe, wopanda cinthu cogwirika ndi manja.

Cinthu comangidwa pa makalata otere sicicedwa kugwedezeka. Mu March 1884, pa masewera a England ndi Scotland ku Blackheath, wosewera wa ku Scotland anamenya mpira ndi dzanja kubwerera m'mbuyo. Anzace anaima, poyesa kuti masewera aimitsidwa. Koma Mngelezi wina, Kindersley, anagwetsa mpira kuseri kwa mzere, ndipo cigoli cimene cinatsatira cinapambanitsa England. A ku Scotland anati kumenya mpira kotero ndi kulakwa, ndipo masewera anayenera kuima pomwepo. Angelezi anati si kulakwa, ndipo ngakhale kukadakhala kulakwa, munthu sayenera kupindula ndi cimo lace la iye mwini. Kunena zoona, pa mfundo imeneyi Angelezi anali ndi mau abwino. Cimene cinaipitsa mlandu ndi cakuti bungwe lao linati: malamulo tinapanga ndife, kotero omasulira ndifenso. Kodi ndani angabvomere kuti mnzace wa mlandu akhalenso woweruza? Scotland inakana kusewera ndi England mu 1885. Mu 1886 Scotland, Ireland ndi Wales anapanga bungwe la maiko loyang'anira malamulo, International Rugby Football Board, limene lero lichedwa World Rugby. England inakana kulowa ndi mau olingana ndi a anzace, pakuti inati makalabu ace ndi ocuruka kuposa a onsewo. Pamenepo atatuwo anaisala, ndipo mu 1888 ndi 1889 panalibe mwa iwo anasewera nayo. Mlandu unatha mu 1890 pamene akulu awiri apadera anaweruza kuti England ilowe ndi mipando 6, ndi ena atatuwo mipando iwiri-iwiri. Kotero Angelezi anagonja pa cimodzi napambana pa cinzace: malamulo sanakhalenso ao okha, koma kanthu sikanathe kusinthika iwo osafuna.

Tsopano tifike pa mtima wa nkhani yathu. Pofika zaka zimenezi ragibi sanalinso masewera a ana a olemera okha. Kumpoto kwa England, m'zigawo za Yorkshire ndi Lancashire, muli migodi ya malasha ndi nyumba zoombera nsaru, ndipo anchito a kumeneko anakonda masewerawa kwambiri, nawadziwa koposa aphunzitsi ao. Makamu a anthu anali kulipira pa cipata kuti apenye. Gulu la England la mu 1892, limene linagonjetsa mafuko onse atatu popanda mmodzi wa iwo kupata kanthu, linali lodzala ndi amuna a kumpoto. Mu 1894 kaputeni wa England anali Dicky Lockwood wa kalabu ya Heckmondwike, munthu wamfupi, wa nchito ya manja, amene anali kutsogolera anyamata oturuka m'masukulu apamwamba.

Koma panali bvuto la m'mimba. Masewera anali kucitika Loweruka, ndipo wanchito anali kugwira nchito Loweruka kufikira masana. Kuti apite kukasewera ku mudzi wina anayenera kusiya nchito, ndipo malipiro a tsikulo anali kutayika. Akulu amene munagwira nchito ya tikiti mudzakumbukira kuti tsiku losalembedwa ndi tsiku lopanda ndalama. Akabvulala pa bwalo, bvuto linali lalikulu koposa. Dokotala kapena mwana wa mwini fakitale sanali kutaya kanthu. Wokumba malasha anali kucotsa cakudya pakamwa pa ana ace. Makalabu a kumpoto anapempha kuti aloledwe kubwezera wosewera ndalama za nthawi yotayikayo, osati malipiro a kusewera, koma cimene wataya cokha. Akulu a ku London anati ragibi ndi masewera a cikondi, osati a ndalama, ndipo munthu amene sangathe kudzilipirira yekha angoleka. Pa msonkhano wa mu September 1893 pempholo linakanidwa ndi mavoti 282 kwa 136.

Patapita zaka ziwiri cingwe cinaduka. Pa 29 August 1895 nthumwi za makalabu a kumpoto zinakomana mu George Hotel ku Huddersfield, ndipo makalabu 22 anapatuka napanga bungwe lao, Northern Union, lololeza kubwezera wosewera masheleni 6 pa tsiku lotayika. M'kupita kwa nthawi anasintha malamulo, nacepetsa osewera kufika pa 13, ndipo anakhala masewera ena, amene lero achedwa rugby league. Bungwe la ku London linalamula kuti ali yense wosewera nao, ngakhale osalandira kobiri, asabwerenso moyo wace wonse. Lockwood anapita nao a kwao. Ndipo ndi caka comweco ca 1895 pamene akale a sukulu ya Rugby anakhala pansi kufufuza ndi kukweza nthano ija ya Webb Ellis, monga ofuna kukumbutsa dziko eni ace a masewerawa.

Mtengo wace England inaulipira pa mpikisano wa mafuko anai. Itataya amuna ace amphamvu, inagonja masewera onse atatu mu 1899, mu 1901, mu 1903 ndi mu 1905. Kucokera 1892 sinakhalenso yoyamba kufikira 1910, zaka 18.

Taonani tsono cimene cinacitika ku Wales, dziko lija linasekedwa mu 1881. Kumwera kwace kuli zigwa za malasha, monga Rhondda, ndipo pa zaka zimenezo anthu anali kukhamukira kumeneko kufuna nchito, monga momwe makolo athu anakhamukira ku migodi ya mkuwa. Mudzi uli wonse wa mgodi unali ndi chalichi, kwaya ndi kalabu ya ragibi. A ku Wales anabwera ndi nzeru yatsopano, yoyambira ku kalabu ya Cardiff: anacepetsa okankhana a patsogolo kucokera pa 9 kufika pa 8, naonjeza wothamanga wacinai m'mbuyo, kuti mpira uziyenda msanga kucoka m'manja kunka m'manja. Mu January 1893 Angelezi anafika ku Cardiff pa nthawi ya cisanu coopsya, nthaka itauma gwa. Usiku wonse anthu anasonkha mbaula za malasha pa bwalo lonse kuti nthaka ifewe, ndipo m'mawa bwalo linali la mawanga akuda. Wales inapambana 12 kwa 11, ndi mpira womenyedwa pa mapeto ndi Billy Bancroft, wosoka nsapato wa ku Swansea. Caka cimeneco inagonjetsa onse atatu nthawi yoyamba, ndipo mafuko enawo anayamba kutsanza kaimidwe kace. Ireland nayonso inapata ulemu womwewo mu 1894 ndi mu 1899.

Kaputeni wa Wales wa mu 1893 anali Arthur Gould wa ku Newport, amene anasewerera dziko lace nthawi 27. Pamene anayandikira kupuma, anthu anasonkha ndalama zomthokoza, ndipo anamgulira nyumba imene anali kukhalamo. Bungwe la maiko linati mphatso yotere ndi malipiro, ndipo yamsandutsa wosewera wa ndalama. A ku Wales sanafune kumva. Mu 1897 anaturuka m'bungwelo, napereka nyumbayo kwa Gould pa phwando lalikulu, ndipo Scotland ndi Ireland anakana kusewera nao. Apa Angelezi, amene zaka ziwiri zapitazo anaumitsa mtima pa masheleni 6, anafewa pa nyumba yathunthu. Anaopa kuti akapitirira kukankha, Wales yonse idzapita ku Northern Union, ndipo mpikisano udzafa. Mu 1898 Wales inabwerera m'bungwe ndi pangano lakuti Gould asasewererenso dziko lace. Nyumba inakhala yace.

Pa mlandu umenewu a ku Wales anaphunzira kuti angathe kusunga anchito ao m'masewera, ndipo akulu ao kawiri-kawiri anakhala ngati sakuona pamene kalabu inathandiza wosewera wosauka mwakacetecete. Osankha gulu la dziko anayamba kukwera ku zigwa kukafuna amuna olimba a patsogolo. Mmodzi wa iwo anali Dick Hellings wa ku Llwynypia, wokumba malasha, amene mu 1900 anasewera ndi England mkono uli wothyoka, nagwetsabe mpira kuseri kwa mzere. Wina anali Dai Jones wa ku Treherbert, wa mgodi yemwenso, amene anzace anamcha Tarw, ndiko kunena nkhunzi m'cinenero cao. Amuna otere akukankha patsogolo, ndi aphunzitsi ndi madokotala akuthamanga m'mbuyo, Wales inagonjetsa mafuko onse atatu mu 1900, 1902, 1905, 1908, 1909 ndi 1911. Mu December 1905 inagonjetsanso gulu loopsya la New Zealand 3 kwa 0 ku Cardiff, ndipo ameneyo ndiye anali masewera okha amene alendowo anagonja pa ulendo wao wonse. Komabe si onse anakhala: umphawi unakoka ambiri kupita kumpoto, ndipo Dai Jones mwini wace analowa masewera a ndalama mu 1907.

Pano ndipatuke pang'ono ndichule munthu mmodzi amene ife tiyenera kumdziwa. Mu March 1906 England inasankha James Peters, mmisiri wa matabwa wa ku Plymouth, mwana wa bambo wa ku Jamaica, ndipo iye ndiye munthu wakuda woyamba kusewerera England. Anasewera nthawi 5. Pamene gulu la South Africa linafika kumapeto kwa caka comweco, dzina lace silinaoneke pa osankhidwa. Pambuyo pace anamletsa kusewera pa nkhani yomweyi ya ndalama, ndipo mu 1913 anapita ku kalabu ya Barrow ya kumpoto. Wakuda wina sanabvalenso malaya a England kufikira Chris Oti mu 1988.

Mtundu wacisanu unacokera tsidya la nyanja. Afalansa anayamba kusewera ndi maiko ena mu 1906, ndipo mu 1910 anakomana ndi mafuko onse anai m'nyengo imodzi. Kuyambira pamenepo mpikisano unachedwa Five Nations. Ciyambi cao cinafanana ndi ca Wales. Ponyamuka ku Paris kupita ku Swansea anapezeka ali 14 okha, ndipo mkulu wina anathamanga m'mudzi kufuna wa 15, napeza Joe Anduran m'nyumba yogulitsiramo zithunzi. Anagonja 49 kwa 14. Koma mu January 1911 anagonjetsa Scotland 16 kwa 15, ndipo anthu analeka kuwaseka. Nao milandu sinawaphonye. Mu 1913 khamu la ku Paris linaukira woweruza masewera, ndipo Scotland inakana kusewera nao caka cotsatira. Mu 1931 anacotsedwa konse, powaganizira kuti makalabu ao alikulipira osewera, ndipo anabwereranso pa bwalo mu 1947.

Caka ca 1910 cinalinso caka ca kudzuka kwa England. Bungwe lace linali litagula kale munda wa ndiwo zamasamba ku Twickenham, kunja kwa London, nimangapo bwalo lace-lace. Pa 15 January, tsiku la masewera oyamba a maiko pa bwalolo, Adrian Stoop analandira mpira woyamba, ndipo m'malo moubweza ndi phazi monga mwa mwambo, anathamanga nao. Mphindi isanathe England inali itagwetsa mpira kuseri kwa mzere. Inapambana 11 kwa 6, kugonjetsa Wales nthawi yoyamba kucokera 1898. Gulu latsopanoli linali makamaka la anyamata a masukulu apamwamba ndi asilikari, ndipo linagonjetsa maiko onse anai mu 1913 ndi mu 1914.

Pamenepo inadza nkhondo yaikulu, ndipo mpikisano unaima kufikira 1920. Mwa amuna 30 amene analimbirana cikho ca Calcutta ku Edinburgh mu March 1914, okwana 11 anafera ku nkhondoyo. Mmodzi wa iwo anali kaputeni wa England, Ronald Poulton Palmer, amene pa masewera ace otsiriza anagwetsa mpira kuseri kwa mzere wa Afalansa nthawi 4, ndipo anaomberedwa ku Belgium mu May 1915.

Italy inalowa mu 2000, nikwanitsa maiko 6. Koma lamulo lija loletsa ndalama, limene linathamangitsa Lockwood ndi anzace, linakhalitsa kuposa onse amene analipanga. Bungwe la maiko linalicotsa pa msonkhano wa ku Paris kumapeto kwa August 1995, zaka 100 kucokera tsiku lija makalabu 22 anapatuka mu George Hotel.